Kodi ndingakhale nawo m'kalasi la zaumulungu popanda kufuna pepala?

MkuluWakuMtenguleni analemba:

Moni nonse a m'gulu lino. Ndine mphunzitsi wopuma. Ndinasiya choko mu 2019 nditaphunzitsa zaka 33 m'masukulu a pulayimale kuno ku Chipata ndi ku Chadiza, ndipo tsopano ndili ndi zaka 61. Ndimalima chimanga ndi nsawa, ndili ndi ng'ombe zinayi, ndipo ndine mkulu wa mpingo pa katchalitchi kathu ka kumudzi. Abusa athu ali ndi matchalitchi 11 oti aziyendera pa njinga yamoto imodzi. Kwathu amafika kamodzi pa miyezi iwiri, kudzadyetsa Mgonero ndi kubatiza ana. Masabata ena onsewo guwa limakhala langa ndi mkulu mnzanga mmodzi, amene maso ayamba kumuvuta. Maliro akagwa pakati pa sabata, foni imalira kwa ine.

Ndinene chimene chandibweretsa, ngakhale chili chamanyazi. Chaka cha chilala chija, 2024, chimanga chitapserera m'munda mu Febuluwale, ndinalalikira pa Yobu 4:7-8, pamene pakunena kuti wolima zoipa amakolola zomwezo, ndi kuti wosalakwa sawonongeka. Ndinalalikira ndi mphamvu zanga zonse, thukuta kamukamu, anthu n'kumavomera. Titatuluka, mdzukulu wa mlongo wanga, amene amaphunzira zaubusa ku Lusaka ndipo anali pa tchuthi, anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango pamene ndimaimika njinga. Anadikira kuti anthu apite, ndiye anati, "Agogo, mawu aja anayankhula ndani?" Ndinati ndi Mawu a Mulungu, mwana iwe. Anati, "Inde, koma m'nkhanimo akuyankhula ndani?" Ananditsegulira mutu 42 ndime 7. Mawu amene ndinakalipira nawo anthu anjala aja ndi a Elifazi, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu akumukwiyira Elifazi yemweyo chifukwa sananene zoona za Iye. Ndinakwera njinga osayankha. Usiku umenewo nsima sinalowe.

Buku Lopatulika ndaliwerenga kuyambira ndili mnyamata, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti ndimaliwerenga ngati munthu wotola nkhuni, kathengo aka, kathengo ako, osadziwa nkhalango yake.

Funso langa ndi ili. Mdzukuluyo akuti m'masukulu ena a zaumulungu amalola munthu kukhala m'kalasi n'kumamvetsera chabe, osalemba mayeso, osalandira digiri kapena dipuloma. Akuti pa Chingerezi amati audit. Ine pepala sindikulifuna. Ndikalitengera kuti pa msinkhu uno? Ubusa sindikuufuna, ntchito sindikufunanso. Ndikufuna ndikaima pamanda ndizidziwa chimene ndikunena. Alipo mwa inu amene anachitapo zimenezi? Amalola munthu ngati ine, amene ndinalemba Fomu 5 kalekale? Nanga anyamata a m'kalasimo sadzandiona ngati gogo wosochera? Mayi a kunyumba akuti ndikufuna kuwononga ndalama za feteleza pogula mutu waukulu. Ndithandizeni, safunsa anadya phula.

MbusaWakuKatete anayankha:

Bambo mkulu, choyamba musadzipweteke mtima ndi Elifazi. Tonse amene timaima pa guwa tili ndi Elifazi wathu. Wanga ndi wa chaka changa choyamba mu ubusa, ndipo sindidzaunena pano chifukwa akhristu anga ena amawerenga gulu lino.

Zimene akunena mdzukulu wanu ndi zoona. M'maseminale ambiri a ku America ndi ku Ulaya ndi chinthu chokhazikika: umalembetsa ngati womvera, umalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi ofuna digiri, umakhala m'kalasi, koma sulemba mayeso ndipo aphunzitsi sakakamizidwa kuchonga ntchito yako. Kuno kwathu si sukulu iliyonse imene inalemba zimenezi m'mabuku ake. Nthawi zambiri zimayenda ndi kukambirana. Choncho musangonyamuka. Lembani kalata kwa mkulu woona za maphunziro pa sukulu imene mukuifuna, ndipo kalata ya abusa anu ikhale pamwamba pake, chifukwa masukulu athu a mipingo amamva msanga mawu a mbusa kuposa a munthu wobwera yekha. M'kalatamo mufunse ngati amalola womvera, ngati mungalowe mu laibulale n'kubwereka mabuku, ndiponso ngati muli ndi ufulu wofunsa mafunso m'kalasi. Za laibulalezo musaziiwale. Theka la phindu la seminale lili m'mashelefu, osati pa bolodi.

Satifiketi yanu ya Fomu 5 isakudetseni nkhawa. Makirediti asanu a Giredi 12 amawafuna kwa munthu wofuna digiri, chifukwa digiriyo iyenera kuvomerezedwa ndi a boma. Womvera salandira kanthu kofuna chidindo. Chimene adzayang'ana ndi Chingerezi chanu, popeza maphunziro onse ndi mabuku ake ali m'Chingerezi, ndipo mphunzitsi wa zaka 33 pamenepo sangagwe.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mukanabadwa kale, simukanafunika basi ya ku Lusaka. Mpingo wa Reformed m'dziko muno la Zambia unayambira pakhomo panu pomwepo, ku Magwero mu 1899, kenako Madzimoyo mu 1903. Sukulu yophunzitsa abusa inali pa Madzimoyo kuyambira 1951, mtunda woti inu mukanapalasa njinga m'mawa n'kubwerako madzulo. Inasamukira ku Lusaka pambuyo pake, ndipo ndi imene lero tikuitcha Justo Mwale, dzina la mbusa woyamba wa kuno amene anadzozedwa mu 1929. A CCAP ali ndi yawo ku Chasefu, kupitirira Lundazi. Ndiye vuto lanu lenileni si fizi. Ndi mtunda. Kuchoka pa Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, tsiku lathunthu pa basi, ndipo mukakafika muyenera kugona penapake ndi kudya kwa miyezi itatu kapena inayi. Mayi a kunyumba akawerengera zimenezo, mawu awo aja a feteleza ali ndi nzeru. Onaninso kalendala: temu yoyamba ya chaka imagwa nthawi yopalira ndi yothira feteleza wachiwiri. Ngati mupita, sankhani miyezi ya pambuyo pokolola, kapena funsani ngati ali ndi maphunziro a sabata imodzi kapena ziwiri amene amachitira ophunzira akutali. Amenewo ndiwo angakuyenereni.

Tsopano za phunziro loti musankhe. Ndikudziwa mtima wa aphunzitsi, mudzafuna Chigiriki. Musayerekeze. Zilembo zake ndi 24 ndipo mungaziloweze sabata imodzi, za Chihebri ndi 22 zowerenga kuchokera kumanja, koma chilankhulo sichilowa ndi makutu okha. Chimafuna kulemba tsiku ndi tsiku ndi wina wokuchongera ndi cholembera chofiira, chinthu chimene womvera sapatsidwa. Ndinaona bambo wina atakhala nafe m'kalasi la Chigiriki ngati womvera. Sabata yachinayi anayamba kujomba, yachisanu ndi chimodzi anasowa. Koma anatola mawu atatu kapena anayi, ndipo ndinamva kuti mpaka lero amawaponya pa guwa anthu osamva kanthu. Chigiriki cha theka n'choopsa kuposa kusachidziwa.

Inu tengani phunziro la kamasuliridwe ka Baibulo, ndi lina la chiyambi cha Chipangano Chakale. M'menemo ndi mmene amaphunzitsa funso lomwe lija la mdzukulu wanu: akuyankhula ndani, akuuza yani, ndi ndakatulo kodi, ndi mbiri, ndi lamulo, kapena ndi kalata. Mukapeza mpata wachitatu, mbiri ya mpingo. Mudzadabwa kumva kuti Augustine anali wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, Athanasius wa ku Alexandria ku Egypt, Tertullian wa ku Carthage ku Tunisia. Anyamata akamakuuzani kuti Chikhristu chinabwera ndi sitima ya azungu, mudzakhala ndi poyambira.

Chomaliza, ndipo mundikhululukire ponena mosapsatira. M'kalasimo mudzakhala wamkulu kuposa aphunzitsi ena. Anyamata adzakupatsani ulemu, adzakutchani adadi, adzakunyamulirani mpando. Chiyeso chanu chidzakhala kuyankha funso lililonse ndi nkhani ya kumudzi. Iwo ali ndi mayeso kutsogolo, inu mulibe. Funso limodzi pa tsiku, zotsalazo mukafunse pa tiyi.

AmaiChigwirizano_Petauke anayankha:

Abusa anena zambiri zabwino koma aiwala chinthu chimene chili pafupi. Bambo, munamvapo za TEEZ? Ndi maphunziro a zaumulungu ochitira kwanu komweko, osasiya munda. Likulu lake lili ku Kitwe, anayamba mu 1979, ndipo mipingo ingapo ili m'menemo pamodzi, a Reformed, a UCZ (United Church of Zambia), a Anglican, a CCAP ndi ena. Anawakonzera anthu ngati inu ndi ine, akulu a mpingo, atsogoleri a azimai, aphunzitsi a Sande sukulu, amene timagwira ntchito ya mpingo abusa ali kutali.

Ine ndinachita la kulalikira ndi la uphungu. Tinali anthu 9, tinkakumana Lachinayi lililonse masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, pamene timasungira mipando yothyoka ndi ng'oma za kwaya. Buku umawerenga kunyumba, umayankha mafunso m'menemo, ndiye Lachinayi mumakambirana ndi wotsogolera. Chimene chinandisintha ine si bukulo ayi. Ndi tsiku limene anandiimika kutsogolo kwa anzanga 8 aja kuti ndilalikire mphindi khumi, kenako aliyense anene chimene wamva. Amai ena okalamba, amene sadziwa n'kulemba komwe bwinobwino, anati, "Mwayankhula zokoma, koma ndime munawerenga ija simunabwererenso. Munaisiya pakhomo ngati nsapato." Ndinafuna kulira. Mpaka lero ndikamakonza mawu a pa Chigwirizano ndimamva mawu a amai aja.

Ndiye ine ndikuti, kukhala kumbuyo kwa kalasi ku Lusaka n'kumangomvera, palibe adzakuuzeni kuti mwasiya ndime pakhomo. Mudzabwera ndi makope odzaza, koma pakamwa padzakhala pomwe paja. Kumapeto kwa maphunziro athu anatipatsa kasatifiketi. Kanga kali pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a sikelo a ana, sindinakatulutsepo. Simukufuna pepala, chabwino, koma musathawe kuyesedwa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezo.

Funsani abusa anu ngati pa mpingo wanu pali wotsogolera amene anaphunzitsidwa. Ngati palibe, inu nomwe ndinu mphunzitsi, bwanji osapempha kuti akuphunzitseni muyambitse gulu? Mkulu mnzanu wa maso ovuta uja adzapindula nawo, mudzamuwerengera.

Za mayi a kunyumba, atengeni apite nawo. Amuna anga ankati ndikupita kukaphunzira kulongolola. Chaka chachiwiri anayamba kundifunsa kuti lero mwaphunzira zotani, ali chagada pa mphasa ngati sakufuna kumva.

Mnyamata_wa_Kapata anayankha:

Adadi, ine ndine mwana kwa inu, koma mundilole nditsutseko pang'ono, chifukwa njira imene mukuifunsayi ndinaiyenda ndipo inandiluma.

Ndinakulira ku Kapata ku Chipata, tsopano ndimagwira ntchito ku Lusaka. Zaka zingapo zapitazo ndinkalowa m'makalasi a madzulo pa sukulu ina ya Baibulo kuno, sinditchula dzina. Ndinalowa ngati womvera chifukwa ndalama zinali zochepa, ndiponso ndinkanena ngati inu, kuti ine ndikufuna nzeru, pepala n'la anthu ofuna maudindo. Ndinakhala maphunziro asanu. Sindinajombe, ndinkawerenga kuposa ena olembetsa mokwanira, ena mwa iwo ankabwereka makope anga usiku wa mayeso. Patapita zaka ziwiri mtima unasintha, ndinafuna kuchita dipuloma. Ndinapita ku ofesi ndi makope anga onse m'chikwama. Mayi wa pa desiki anayang'ana mu kompyuta nati dzina langa lilipo, koma palibe malikisi ngakhale amodzi, ndiye ndiyambire pa chiyambi ndi kulipira zonse. Sanalakwe, ndi mmene lamulo lake lilili kulikonse: chimene sunayesedwe sichiwerengedwa. Wolakwa ndinali ine amene sindinafunse poyamba. Koma zinandiwawa kukhalanso m'kalasi lomwelo, mphunzitsi yemweyo, nthabwala zomwezo.

Mudzati inu muli ndi zaka 61, mtima sudzasintha. Mwina. Koma taganizani izi. Mukabwerako ku maphunziro n'kuyamba kunena pa bwalo la akulu kuti ndime iyi sitimasulira chonchi, wina adzafunsa kuti mwazitenga kuti. Mukati ndinakhala nawo m'kalasi, adzati kukhala nawo ngakhale mlonda amakhala nawo. Anthu athu amalemekeza pepala, tisanamizane. Ndipo abusa ena, osati onse, sakondwa ndi mkulu wa mpingo amene wayamba kudziwa mabuku amene iwo anawerenga. Pepala limakutetezani pamenepo. Ngati kusiyana kwa ndalama kuli kochepa, lembetsani mokwanira ngakhale phunziro limodzi, mulembe mayeso ake. Munayesa ana a eni zaka 33, mukuopa chiyani?

Koma ngati mwatsimikiza kuti n'kumvera chabe, ndiye musawononge ndalama ya basi. Kumvera mungamvere muli pa khonde panu. Pa intaneti pali BiblicalTraining, pamene anaika maphunziro athunthu a aphunzitsi a m'maseminale, aulere. Pali Thirdmill, amene ndi a chiphunzitso cha Reformed ngati chanu, mavidiyo ndi zolemba zake zaulerenso. Yunivesite ya Yale inaika pa YouTube maphunziro 24 a chiyambi cha Chipangano Chakale, koma amenewo ndikuchenjezeni, amaliwerenga Baibulo ngati buku la mbiri yakale, osati ngati mlaliki, ndipo zina zidzakudzidzimutsani. Muyambe ndi ziwiri zoyambazo. Musamaonere vidiyo pa bandulo ya foni, idzatha ngati madzi a m'dengu. Mukapita m'tauni kukatenga penshoni, pezani pamene pali Wi-Fi, mukopere zomvera zokhazokha pa memori kadi, mukamvere kunyumba. Kasola kakang'ono kotchajira foni n'kokwanira, malaiti akazima inu muli pa Yesaya.

Katekisiti_Chadiza anayankha:

Ine ndine wa Katolika, ndangodutsa, koma nkhaniyi yandikhudza chifukwa ntchito yathu ndi imodzi. Nanenso bambo mfumu amafika mwa apo ndi apo, Lamulungu lina lililonse ndimatsogolera mapemphero opanda Misa, ndipo maliro ndi anga.

Kwathu mawu akuti seminale ali ndi tanthauzo lopapatiza. Ndi nyumba yokonzera ansembe. Ya ana ili ku Msupadzi kuno ku Chipata, imene ndi sekondale ya anyamata. Akamaliza amapita ku Mpima ku Kabwe kukachita filosofi, kenako ku St Dominic's ku Lusaka kukachita zaumulungu. Tsidya la malire ku Mchinji kuli Kachebere, imene inatsegulidwa mu 1939, ndipo ansembe akale ambiri a chigawo chino anadutsa kumeneko. M'nyumba zimenezi anyamata amagona momwemo, amapemphera pamodzi, amadya pamodzi, ndiye si malo oti bambo wa banja ngati ine angogogoda kuti ndabwera kudzamvera. Ife makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati tili ndi malo athu, monga ku Chikungu, ndi maphunziro a masiku ochepa amene parishi imakonza.

Chimene ndaona ine n'chakuti ansembe ndi abusa amene amati amaphunzira zambiri m'kalasi, theka la zimene amadziwa anazitola pa tebulo la chakudya ndi m'makonde, pokangana ndi anzawo. Ndiye bambo mkulu, ngati mupita, musakagone kwa achibale ku Chawama n'kumabwera pa ola la kalasi lokha. Pemphani kuti muzidya nawo nsima ya masana. Apo ayi, mnyamata wa ku Kapata wanena zoona, foni ikukwanirani.

China chaching'ono. Muli ndi Buku Lopatulika, lija la 1922. Gulaninso Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, lomasuliridwa m'Chichewa cha masiku ano ndi akatswiri a mipingo yosiyanasiyana pamodzi, ife ndi inu. Muziwerenga ndime imodzi m'mabuku onse awiri, ndi la Chingerezi pambali. Pamene akusiyana, pamenepo ndi pamene pali nkhani, imani mufufuze. Ine njira imeneyi yandiphunzitsa zambiri, ndipo sinandidyere ngakhale thumba limodzi la feteleza.

MbusaWakuKatete anayankhanso:

Mnyamata wa ku Kapata, pa zakuti abusa ena sakondwa ndi mkulu wodziwa mabuku, sindikutsutsa. Zimachitika, ndipo n'zochititsa manyazi. Koma kawirikawiri chimene chimayambitsa mkangano si nzeru za mkuluyo, ndi malo amene wasankha kuzionetsera. Apolo anali mlaliki wamphamvu koma wosadziwa zonse, ndipo Priskila ndi Akula sanamudzudzule m'sunagoge, anamutengera pambali. Zili pa Machitidwe 18:26. Mdzukulu wa bambo mkuluyu anachita chimodzimodzi pa mtengo wa mango paja. Mwana ameneyo adzakhala mbusa wabwino.

MkuluWakuMtenguleni anabweranso:

Zikomo nonse. Ndakhala chete milungu itatu chifukwa ndimafuna ndibwere ndi kanthu m'manja, osati zikomo yekha.

Amai a ku Petauke, mawu anu aja akuti ndisathawe kuyesedwa anandilasa. Ndinadzifunsa usiku kuti kodi n'zoona kuti pepala sindikulifuna, kapena ndikuopa kukhala pa desiki mnyamata wa zaka 30 n'kundilembera 42 pa 100 ndi inki yofiira, monga ndinkachitira ana a eni. Ndapeza kuti zonse ziwiri zilimo. Pepala sindikulifunadi. Koma manthanso alipo, ndipo ndinawaveka jekete la kudzichepetsa.

Abusa athu anabwera Sabata yathayi. Titatha Mgonero ndinawaitanira kunyumba, mayi anapha nkhuku, ndipo ndinawafotokozera zonse kuyambira pa Elifazi. Ndinkayembekeza nkhope yolimba, mnyamata wa ku Kapata atandiopseza. Anaseka mpaka kutsamwa, kenako anati akanakonda akulu onse a m'matchalitchi 11 aja akanagwidwa ndi Elifazi wawo. Kalata alemba okha yopita ku sukulu imene anaphunzira, kufunsa ngati ndingakhale nawo pa maphunziro a sabata ziwiri a kamasuliridwe ka Baibulo tikatha kukolola. Ine ndinawapempha awonjezere mzere umodzi: ngakhale sindikufuna malikisi a mu kompyuta, mphunzitsi andilole ndilembe ntchito imodzi, aichonge mosandimvera chisoni, ndidzalipira nthawi yake ngati pafunika. Yankho silinabwere. Akakana, ndidzalembetsa phunziro limodzilo mokwanira monga wanenera mnyamata, basi.

Za gulu la kuno, abusa akuti pa siteshoni ya mpingo wathu pali amai ena amene anaphunzitsidwa kutsogolera, koma gulu linafa anthu atasamuka. Tapezana kale anthu 6 ofuna kuyamba: ine, mkulu mnzanga, amai awiri a Chigwirizano, mnyamata wa kwaya, ndi wachisanu ndi chimodzi amene simungamuganizire. Mayi a kunyumba. Akuti akubwera kudzaona kumene ndalama ya feteleza ikupita.

A katekisiti, Buku Loyera ndagula m'tauni Lachisanu. Ndayamba ndi Yobu yemweyo, kuchokera mutu 1, ndi pensulo m'manja. M'mphepete mwa tsamba lililonse ndikulemba dzina la amene akuyankhula: Yobu, Elifazi, Yobu, Bilidadi, Yobu, Zofari. Ndafika mutu 32 ndipo kwatulukira munthu wachinayi wotsutsana ndi Yobu, Elihu, mnyamata amene akuti anakhala chete nthawi yonseyi chifukwa choopa akuluakulu. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti m'bukumu muli munthu ameneyu. Ndasuzumira kumapeto, pa 42:7 paja, ndipo Mulungu akudzudzula Elifazi ndi anzake awiri, za Elihu sakunenapo kanthu. Abusa a ku Katete, ameneyu ndimuike mbali iti? Mawu ake ndingalalikire kapena ayi? Sabata ikubwerayi guwa ndi langa, koma ndaganiza zoyamba ndatenga Salimo 23 kufikira mutandiyankha.